Funso Limene Azakhali Sanafunse

Mapazi a mwana wanga Nércia anayamba kutupa mwezi umene amuna a m'mudzi mwathu ankaotcha njerwa za tchalitchi. Ndikadina ndi chala pamwamba pa phazi, kadzenje kankatsala pomwepo ngati ndadina dothi lonyowa. Tsitsi lake linafiira. Mwana amene anali atayamba kuima chogwira chitseko anabwereranso pansi, ndipo kulira kwake kunasanduka kubuula.

Azakhali anga a Januária amagulitsa fodya pamsika wa ku Mongue, ndipo nkhani sizigona m'kamwa mwawo. Anangomuyang'ana kamodzi.

"Tsempho ili," anatero.

Kwathu kuno, kholo likapita kunja mwana akadali wamng'ono, n'kubwera kudzamunyamula, mwanayo amatupa. Mizu yake azakhali amaidziwa. Koma mankhwalawo sagwira pokhapokha wolakwayo atathiramo mchere ndi dzanja lake, n'kumumwetsa yekha mwanayo. Ndiye anakhazika mwamuna wanga Venâncio pa njerwa yosweka kuseri kwa nyumba yathu, imene inali isanafoleredwe, n'kuyamba.

"Akamwini, mwayenda ndi mkazi wina?"

"Ayi, azakhali."

"Wa kumsika? Wa ku Muloza, kuja mumakagula sopo? Wamasiye uja wa kuseri kwa chigayo, woyenda ngati bakha?"

"Azakhali, chibadwire changa mkazi amene ndamudziwa ndi Armanda yekha. Bweretsani Baibulo."

Analibweretsa, iye n'kuikapo dzanja. Azakhali anakhulupirira, ndipo maso awo anatembenukira kwa ine. Ndinawauza kuti munthu amene amagona mwana ali kubere, khasu lili kumutu, chibwenzi angachipeze nthawi yanji? Anachoka akupukusa mutu, mizu n'kuisiya pakhonde.

Chimene chinandiwotcha n'chakuti Venâncio sananame.

João Baptista ndinamupeza kale m'moyo wa mwamuna wanga. Pothawa nkhondo, Venâncio anavulala mwendo, ndipo amene anamubereka mpaka kuwoloka Ruo ndi João Baptista. Kukampu ku Chiringa ankagona m'tenti imodzi. Ine nthawi imeneyo ndinali ku sukulu ya pakampu, mpaka mayi atamwalira ndi pamene ndinasiya kuti ndiziima pamzere wa ufa. Venâncio anandifunsira pamzere womwewo. Mtendere utabwera tinabwerera kwathu, iye kudzakhala mkamwini pamalo a amalume anga, ndipo João Baptista, amene kwawo n'ku Molumbo, anatitsata. Anati kwawo kulibe watsala. Aliyense anati ndi ubale wabwino, ine ndinkamutchula kuti alamu.

Koma mkazi amaona. Lona imene anatipatsa kukampu pobwerera inakafolera kanyumba ka João Baptista, ife tikugona moyang'ana nyenyezi. Malaya amene ndinasoka ndi manja anga kuchokera ku nsalu yanga yabwino ya kapulana, ndinawaona pamsana pa João Baptista tsiku la Sabata. Ndikapha nkhuku, ndinkaika nthutumba m'mbale ya mwamuna wanga, monga mkazi aliyense amachitira ndi mwini nyumba, iye n'kuitola n'kuiika mbali ya mnzake osayang'ana n'komwe, ngati dzanja lazolowera njira. Mwendo wovulalawo ine sandilola kuugwira, amati umanyerenyetsa. Koma tsiku lina nditawapititsira chinangwa ku uvuni wa njerwa, ndinapeza João Baptista akuutikita ndi mafuta, Venâncio atamugwira pakhosi, akuseka kuseka kumene m'nyumba mwanga sikunalowemo. Tsiku linanso, dzuwa lili paliwombo, ndinapeza chitseko cha kanyumba kaja chotseka, mapatapata a anthu awiri ali pakhomo. Ena mwa iwo ndinamanga ndine ndi waya.

Akanakhala mkazi, ndikanadziwa chochita. Ndikanapita kuchitsime n'kumung'ambira bulauzi, akazi anzanga n'kundigwira, ankhoswe n'kukhala pansi. Nanga mwamuna umamung'ambira chiyani? Ukadandaula kwa ndani kuti mwamuna wanga amakonda mnzake? Ndikanauza azakhali, dzuwa lisanalowe msika wonse ukanadziwa, mpingo ukanamuchotsa, amalume akanamuloza njira. Mvula inali pafupi, nyumba ilibe denga. Ndiponso ndinkamufuna. Ndinkafuna kuseka kuja kukhale kwanga.

Choncho m'mawa uliwonse ndinkawiritsa mizu ya azakhali, n'kuika kachitini ka mchere pambali, poonekera. Venâncio ankadutsa ngati sakuona. Iye anali atalumbira zoona, ndiye mwina mumtima mwake ankati nkhaniyi simukhudza. Madzulo ndinkataya mankhwalawo, mapazi a Nércia akukulirakulira.

Ndi masiku amenewo pamene kunabwera galimoto ya anthu a zaumoyo ochokera ku Quelimane, mayi mmodzi ndi bambo mmodzi. Anati kukubwera kafukufuku wamkulu wa boma, koma iwo atsogola kudzayesa mafunso, monga mbewu yachilendo umayamba waiyesa pa kamunda kakang'ono. Akazi ankafunsidwa ndi mayiyo, Dona Constância, amuna ndi bamboyo, a Filipe. Aliyense payekha, patali ndi makutu, ndipo mayina sankalemba.

Ine ananditengera pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa sukulu yogumuka. Dona Constância anabadwira ku Milange koma anakulira kunyanja ya mchere, ndiye Chinyanja chawo chinali ndi dzimbiri. Anafunsa za madzi amene timamwa, za kumene ndinachirira, za malungo. Kenako anafika pa za Edzi.

"Inu mwagonapo ndi mwamuna wina kupatula amuna anu chaka chino?"

"Ayi."

"Amuna anu ali ndi mkazi wina, kapena chibwenzi chachikazi?"

"Ayi."

Anachonga n'kupitirira. Ndinamva ngati ndakhalanso kuseri kwa nyumba yanga, Baibulo lili pa njerwa. Atamaliza anatseka mapepala awo.

"Tsopano, mana Armanda, mchemwali wanga, ntchito yeniyeni ndi iyi. Ndi funso liti limene linakuvutani? Nanga pali chimene tinayenera kufunsa koma talumpha?"

Ndinaseka, kuseka koipa. "Mumafunsa ngati azakhali anga."

"Azakhali anu amafunsa bwanji?"

"Amafunsa moti munthu akhoza kuwayankha zoona zokhazokha, iwo n'kubwerera chimanjamanja. Mwati mkazi wina. Nanga akakhala kuti winayo si mkazi?"

Ndinadikira kuti agwire pakamwa. Sanagwire. Anangoika cholembera pansi.

"Funso limenelo tinakangana nalo mu ofesi," anatero. "Ena anati kumidzi kulibe anthu otere, tikafunsa atithamangitsa ndi makasu. Ena tinati alipo, ndipo akadwala amafika kuchipatala n'kupeza kuti palibe amene anaganizapo za iwo. Tinalilemba, koma tinaliika pambali. Ndikuwerengereni, mundiuze ngati likumveka?"

Anatulutsa kapepala kena. Linkati: anthu amasiyana, ena amagona ndi akazi, ena ndi amuna, ena ndi onse; inuyo chaka chino mwagona ndi otani?

"Likumveka," ndinatero. "Koma mufunse aliyense, ngakhale akulu a mpingo. Mukasankha mmodzi, mudzi uona."

"Palinso lina. Ife timangomuyang'ana munthu n'kuchonga kuti mwamuna kapena mkazi, osamufunsa mwini wake. Ku Mocuba ndinakumana ndi munthu amene anandiuza kuti ndachonga molakwa, ndipo ndinalibe pomulemba. Ndiye tikuganiza kuti…"

"Zimenezo mukambirane ku Quelimane, Dona. Ine mwana wanga akutupa. A Filipe akamufunsa mwamuna wanga, mubwere mudzandiuze zimene wayankha."

"Sindingatero."

"Funsolo ndakuthandizani ndine."

"Zoona. Koma zimene mwandiuza inu sizifika kwa iye, ndipo zimene anene iye sizifika kwa inu. Ngakhale ine a Filipe sandiuza kuti wanena ndani. Tikaphwanya pamenepo, palibenso adzatiuze zoona."

"Ndiye boma lidziwe za mwamuna wanga, mwini wake ine ndili mumdima?"

"Boma silidziwa dzina lake. Ndipo inu simuli mumdima, mana. Mwandiuza nokha."

Ndinafuna kuwalanda mapepalawo n'kuwaponya m'chiswe. M'malo mwake ndinawafotokozera za tsempho ndi mchere, kuti amvetse kuti si miseche imene ndikufuna. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anapempha kuti ndimasule Nércia kumsana. Anadina phazi, anayang'ana tsitsi, anatsegula chikope.

"Ndisanagwire ntchito iyi ndinali namwino," anatero. "Za tsempho sindikangana nanu. Koma thupi la mwanayu lasowa chakudya chomanga, ndipo phala la chinangwa silimudzutsa. Apite kuchipatala ku Milange mawa, osati mkuja. Galimoto yathu ikulowera ku Molumbo, ndikanakutengani."

Masana a tsiku lomwelo a Filipe anayamba kuitana amuna a ku uvuni, mmodzimmodzi, funso latsopano lija lili pa mapepala awo. Ine ndinayanika makaka pa thanthwe limene limayang'ana komweko, ngakhale anali atauma kale. Mkulu wa mpingo anatuluka pansi pa mtengo akukupiza chipewa, akuuza aliyense kuti boma lamwa kachasu, koma anayankha, ndipo amuna enawo anangoseka. Ambiri sankachedwa.

Venâncio anachedwa. Ndinamuona atakhala pa chitsa, mwendo wovulala atautambasula. Anayankha mafunso oyamba akuyang'ana kuphiri. Kenako anaweramitsa mutu, a Filipe akuyang'ana pa pepala. Atadzutsa mutu anayamba kuyankhula. Anayankhula, manja akuyenda, kuloza kumalire, kuloza mwendo, kuloza kunyumba kwathu. A Filipe anali atasiya kale kulemba.

Pamenepo nsanje inandigwira pena pamene sindinkayembekeza. João Baptista ndinali nditamuzolowera, ngati munga umene wakhalitsa m'phazi. Koma uyu mlendo wa nsapato zoyera, wobwera dzulo wopita mawa, ndi amene akulandira mawu a mwamuna wanga? Ine ndamuchapira, ndamulimira, ndamuberekera mwana, ndipo chimene ndimamva kwa iye ndi chakuti madzi osamba atentha kwambiri. Ndinakanda makaka mpaka zikhadabo zinapweteka.

Anafika kunyumba dzuwa likadali pamwamba pa mitengo. Anaima pakhomo, fumbi la njerwa lili m'tsitsi.

"Mayi a Nércia, wawauza ndiwe anthu aja?"

"Ndawauza kuti sadziwa kufunsa."

Anakhala pa njerwa yake ija. Nércia anali pamphasa, akubuula. Anamuyang'ana nthawi yaitali, ngati akumuona koyamba chiyambire kutupa.

"Palibe anandifunsapo," anatero. "Ndinkati poti palibe akufunsa, ndiye kuti si kanthu koti n'kukhala ndi dzina. Ndinkati sizingafike kwa mwana."

"Ine ndikanakufunsani, mukanayankha?"

"Iwe ukanafunsa mpeni uli m'maso."

"Uli m'maso ndithu."

"Mankhwala a azakhali aja alipo?"

Ndinali ndisanawataye. Ndinawabweretsa m'kapu, kachitini ka mchere ndinakaika pansi, pakati pa iye ndi ine. Sindinamupatsire m'manja. Anatambasula yekha dzanja, natapa ndi zala ziwiri, mchere wina ukugwera pa bondo. Anavundula ndi kamtengo, anamuika Nércia pamwendo wabwino, namumwetsa pang'onopang'ono. Mwanayo anakwinya nkhope koma anameza.

"Armanda, ine sindikusiya. Koma iyenso uja…"

"Sindinafunse zimenezo. Mawa mwana akupita ku Milange."

"Pa chiyani?"

Tonse tinkadziwa. M'mudzi monse njinga yoti n'kufika ku Milange inali imodzi, ya João Baptista, imene anaigula ku Limbuli ndi thukuta la njerwa. Ndipo mwendo wa Venâncio sungapalase pa zitunda za msewu umenewo atanyamula anthu.

"Pitani mukamuuze," ndinatero. "Apope matayala. Aikepo chiguduli pa kaliyala, ine si thumba la chimanga."

M'mawa João Baptista anafika atavala malaya ake akale ong'ambika paphewa, osati anga aja. Anandipatsa moni akuyang'ana unyolo wa njinga. Ndinamanga Nércia kumsana n'kukwera. Pogwira panalibe, koma ndinalumbira kuti m'chiuno mwake sindimugwira, ndiye ndinagwira chitsulo cha pansi pa chishalo mpaka zala zinachita dzanzi.

Tinadutsa minda yatsopano, nyumba zopanda madenga, thirakitala yopsa imene yamera udzu m'kati. Msana wake unali patsogolo panga, thukuta likutsika m'khosi pomwe dzanja la mwamuna wanga linagwira. Munthu wake ndi woonda, makutu otambalala, mano otalikirana. Ndinamuyang'ana njira yonse kufuna kupeza chimene ali nacho choposa ine. Sindinachipeze, ndipo zimenezo zinandipsetsa mtima kwambiri.

Pa chitunda chachikulu tinatsika kuti tikankhe.

"Alamu," ndinatero, "ndizikutchulani chiyani tsopano?"

Anapitiriza kukankha njinga. "Chimene mwakhala mukunditchula mumtima, mlamu."

"Chimenecho sichitchulika pamaso pa mwana."

Anaseka pang'ono, kenako anasiya. "Mukafuna ndichoke, ndichoka. Ku Molumbo malo alipo."

Ndinaganiza. Ndinaona Venâncio atakhala pakhonde langa, wanga yense, maso ali kumsewu wa ku Molumbo tsiku ndi tsiku mpaka kukalamba. Ndinaonanso denga, ndi munthu wa mwendo umodzi wabwino akuyesa kukweza mitengo yekha.

"Muchoke ndani afolere nyumba yanga? Lona yanga ibwerere. Malaya aja muwachape muwabweze. Ndipo anthu aja anena za Edzi, inu munamvanso. Ngati muli ndi ena kumene mumapita ndi njingayi, munene lero."

"Palibe wina."

Ndinamukhulupirira, ndipo zinandiwawa kuposa akanati alipo khumi.

Potsika chitundacho njinga inathamanga, gudumu linagunda mwala, Nércia anadzidzimuka. Ndinamugwira João Baptista m'chiuno. Sindinamusiye mpaka ku Milange, chifukwa kugwa ndi mwana chifukwa cha mkwiyo n'kupusa.

Kuchipatala anatigoneka. Ankamupatsa Nércia mkaka wa m'kapu pafupipafupi, kenako phala losakaniza ndi nsinjiro ndi mafuta. Kutupa kunayamba kuphwa, khungu linasupuka, mwana anaoneka woonda kuposa kale, koma namwino anati ndi mmene zimakhalira. M'mawa wina anandikoka ndolo n'kulira mokweza, kulira kwenikweni kwa munthu wofuna kanthu. Ngati anachira ndi mchere wa bambo ake kapena ndi mkaka wa kuchipatala, ine sindikudziwa, ndipo sindinafune kusankha. Ndinachita zonse.

Azakhali anabwera kudzationa atanyamula nthochi. Anali atamva kuti akamwini anathira mchere.

"Ndiye anali mkazi uti? Wa chigayo uja eti?"

"Si mkazi wa chigayo, azakhali."

"Wa ku Muloza?"

"Idyani nthochi."

Mpaka lero akuwerengabe akazi a pamsika, ndipo pali wina amene azakhaliwo anasiya kumugulitsa fodya pangongole popanda chifukwa.

Kafukufuku wamkulu atabwera chaka chotsatira, anabwera ndi anthu ena, ndipo sindikudziwa ngati funso lija linapulumuka ku ofesi, chifukwa mudzi wathu sunasankhidwe. Dona Constância sindinawaonenso.

Tsiku limene tinabwerera kunyumba kuchokera kuchipatala, ndinapeza denga latha. Udzu wake unali wosanjidwa bwino, lona ili pansi pake, mfundo za luzi zomangidwa mwa mitundu iwiri, ndipo ndinkadziwa kuti iyi ndi ya yani, iyo ndi ya yani. Malaya anali opindidwa pamphasa. Awiriwo anali atakhala pakhonde motalikirana, ngati ana amene aswa mtsuko.

Ndinapha nkhuku. Ntchito ya denga imadyedwa, ngakhale wafolera ndi ndani. Ndinapakula, ndinawapatsa madzi osamba m'manja, ndinaika mbale pakati pawo. Venâncio anavundukula, anafufuza ndi chala, nandiyang'ana.

"Nkhuku iyi inalibe nthutumba?"

Ndinali nditakhala pamphasa, Nércia ali pamiyendo panga. Ndinkaidula nthutumbayo tizidutswa ting'onoting'ono ndi zikhadabo, n'kumaika m'kamwa mwake.

"Anamwino anati mwana azidya nyama," ndinatero.

João Baptista anaweramira m'mbale. Venâncio anatema nsima. Nércia anatafuna ndi timano take, mafuta akuyenderera pachibwano, n'kutambasula dzanja kufuna ina.